Mutu 6: Mano a Batani

1. Sokosi

Batani analuma mwana Loweruka m'mawa, madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Batani anali kagalu ka miyezi itatu, kakuda bii, ndipo mwini wake anali mtsikana amene msewu wonse unkamutchula kuti Chitsulo. Dzinali analipata ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene anagwa panjinga n'kuthyoka mkono osagwetsa msozi. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zinayi, dzinalo akulinyadirabe ngati mendulo. Wolumidwa anali mlongo wake wa zaka zinayi, womaliza m'nyumbamo, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime.

Mwanayo sanapute galu. Anawerama kuti atole sokosi yake, Batani n'kuyesa kuti masewera ayamba. Anagwira sokosi ndi dzanja lomwe. Mzime atakuwa, galu sanasiye. Anayamba kupukusa mutu, mchira ukuvina.

Amayi awo anali telala, ndipo mashini awo ankakhala pabalaza pomwepo. Anadzambatuka, diresi la kasitomala likukokeka pansi, n'kumukanula galu kukamwa ndi zala. Balalo analitsuka ndi sopo pampopi nthawi yaitali, kenako anabereka mwana, ulendo kuchipatala.

Chitsulo anatsala akuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Anasesa posesa kale. Anatsuka makapu oyera. Batani ankamutsata pambuyo akumukoka chidendene.

Amayi anabwerako cha m'ma teni koloko, Mzime ali ndi bandeji yaikulu kuposa dzanja lake. Atamutsitsa, mwanayo analowa pansi pa tebulo la mashini n'kukhala phee.

"Khala pansi," Amayi anamuuza Chitsulo. "Ndilankhula kamodzi, pakamwa panga pali ntchito yogwira mapini. Galu ameneyu anatafuna tepi yanga yoyezera, ndinakhala chete. Anang'amba chikwama cha kasitomala, wopepesa ndinali ine. Anadya mabatani anga mpaka tinamupatsa dzina, tinaseka tonse. Lero walawa mwana wanga. Dzanja lija likanakhala nkhope, bwenzi tikunena zina. Ine maso ndili nawo awiri, limodzi pa singano, lina pa Mzime. Diso lachitatu loyang'anira galu ndilibe, ndipo bambo ako ali kutali ndi lole yawo mpaka mwezi wamawa. A Makaniko akhala akundipempha galuyu kuyambira tsiku lija anawang'ambira thalauza. Akuti woluma ndi amene akumufuna kugalaja. Ndadzera konko. Abwera faifi koloko akatseka."

"Amangosewera, Amayi."

"Masewera amenewo andiyendetsa kuchipatala ndi mwana kumsana."

Kugalajako Chitsulo ankakudziwa. Kuseri kwa matayala akutha kunali bokosi lamatabwa lopanda zenera. Galu woyamba wa a Makaniko ankakhala mmenemo usana wonse pa unyolo waufupi, ati kuti akhale waukali. Anafa ndi chilonda m'khosi.

"Ndipite naye kaye kwa Azakhali?"

"Pita naye ngakhale kumwezi. Faifi koloko ndimuone pakhomo pano."

2. Pamsewu

Dzuwa linali litaswa mtengo, koma Chitsulo anavala juzi yake ya manja aatali. Masiku amenewo sankaivula.

Batani msewu sankaudziwa. Anakulira m'chipinda, akumwa mkaka pa supuni, akugona pabedi ngati mlendo wolemekezeka. Agalu ena sankaloledwa kumuyandikira, kuopa utitiri ndi nkhupakupa. Mwana akakonda chinthu amachikonda mpaka kuchiwononga, ndipo ukamuuza amati ndiwe wankhanza.

Pamalo otsukira galimoto, galu wina wofiirira anabwera akugwedeza mchira kuti angomununkhiza. Batani anakodza pomwepo. Anabisala kumbuyo kwa miyendo ya mbuye wake, kenako anatulutsa mano onse. Chitsulo anamunyamula msanga, monga mwa nthawi zonse.

"Chitsulo, ungomubereka mwana wakoyo," anatero mmodzi wa otsuka galimoto. "Sukulu ayamba liti?"

Anzake anaseka. Wotchi ya pakhoma la sitolo ya mankhwala inkati kota pasiti thwelofu. Chitsulo anawonjezera liwiro, galu akumutafuna mkono wa juzi.

3. Manja a juzi

Azakhali, mlongo wa bambo ake, ankagwira ntchito kuchipatala cha ziweto. Sanali dokotala. Ntchito yawo inali kutsuka makola ndi kugwira agalu pobayidwa jakisoni, zaka makumi awiri. Kunyumba kwawo n'kumene Batani anabadwira. Make, galu wamkulu waubweya dzina lake Bulangete, anali pomwepo, pamodzi ndi ana awiri amene anatsala, Supuni ndi Foloko.

Chitsulo anawapeza Azakhali atangoweruka kumene, nsapato za labala zili kumapazi. Anafotokoza zonse ataimirira, mawu akugundana. Azakhali anamvetsera akutsuka mbale ya agalu.

"Tsiku lija unabwera ndi katoni, ndinati chiyani?" anafunsa. "Ndinati kagaluka kali ndi masabata anayi okha, kasiye kakwanitse asanu ndi atatu. Iwe unati, 'Azakhali, anzake akukaluma, kafa.' Ndinapita kuntchito, pobwera ndinapeza ana anayi m'malo mwa asanu. Ndinangoti chabwino, safunsa anadya phula. Vula juziyo."

"Ndikumva kuzizira."

"Thukuta lili mbwee, ukumva kuzizira. Vula."

Chitsulo anavula. Kuyambira padzanja mpaka pachigongono panali timabala, tina touma, tina ta dzulo, tondandalikana ngati msoko wa mashini.

"Akakuluma umatani?"

"Palibe. Sizindiwawa."

"Sizikuwawa, kapena sunena?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Ndimaseka."

Azakhali anaika mbale pansi n'kupukuta manja pa epuloni.

"Ndiye wamunamiza galu miyezi iwiri yathunthu. Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kagalu sikabadwa kakudziwa kuti mano ake amapweteka. Kamaphunzirira pa khutu la mbale wake. Kakaluma kwambiri, mnzakeyo amalira kwee n'kuchokapo, masewera atha. Ndipo palibe chimene kagalu kamadana nacho ngati masewera kutha. Mawa kaluma pang'ono. Mkuja kangogwira, mano osalowetsa. Kugwetsana kuja iwe unkati nkhanza, inali sukulu. Mmenemo kamaphunzira kugwa osachita mantha, kugonja osasunga mkwiyo, kukwera pamwamba pa mnzake n'kumusiyanso adzuke. Kamaphunzira kuti mtima ukathamanga, sikuti imfa yafika.

"Ine agalu ndawagwira ambiri. Amene anasewera ali ana amanjenjemera akaona singano, ukawasisita aiwala. Amene anakula okha ndi amene anandichita izi." Anamuonetsa chipsera chachitali pansi pa chala chachikulu. "Galu woluma anthu kawirikawiri si wolimba mtima. Ndi wamantha amene sanauzidwe malire. Wako uyu mphunzitsi wake unali iwe wekha, ndipo mphunzitsiyo dzina lake ndi Chitsulo. Mzime atalira lero, galuyu wamva mawu amene sanawamvepo. Wayesa nyimbo."

Chitsulo anayang'ana Batani. "Ndiye basi zatha?"

"Chitseko chikutsekeka, koma sichinakiyidwe. Akapitirira msinkhu uwu mutu uuma. Bwera naye kuseri."

4. Manja pansi pa ntchafu

Kuseri kunali bwalo la simenti, zingwe zoyanikira zovala, ndi mpanda wa waya. Azakhali anavundikira ndowa pafupi ndi khoma.

"Khala apa. Manja uwaike pansi pa ntchafu. Chilichonse chimene uone, usadzuke. Ndikaona magazi ndilowapo ndine. Ukamunyamula kamodzi kokha, chipata ndi icho, upitirize mpaka kugalaja."

Azakhali anamasula chingwe cha Batani.

Foloko anabwera woyamba. Anagwaditsa miyendo yakutsogolo, chifuwa pansi, matako m'mwamba, mchira ukupukusa.

"Waona?" anatero Azakhali. "Akuti, 'Zonse zimene ndichite kuyambira pano ndi zocheza.' Galu aliyense wophunzira amamva. Wakoyu ndi mbuli."

Batani anauma ngati chitsa. Kenako anadumpha n'kugwira khutu la Foloko ndi mphamvu zake zonse, monga ankagwirira mkono wa juzi. Foloko analira kwee. Anadzisomphola, n'kupita kukagona pansi pa zingwe, msana atamupatsa. Supuni anamutsatira. Batani anatsala yekha pakati pa bwalo, akuyang'ana uku ndi uku.

Zinachitika katatu. Chitsulo ankasuntha pa ndowa ngati pali misomali. Anafunsa nthawi, Azakhali anati thu koloko. Anafunsanso, anati thu koloko yomweyo.

Kachinayi Batani anasiya abale ake n'kukagwira mwendo wa make. Bulangete sanachedwe. Anamugubuduza ndi phazi limodzi, n'kumuphimba mphuno ndi kamwa lake lonse, akubangula chapansipansi. Batani anakuwa ngati akusendedwa.

Chitsulo anali ataimirira kale.

"Chipata ndi icho," anatero Azakhali osamuyang'ana.

"Amupha."

"Ndi mwana wake. Akanafuna kumupha bwenzi atatha kale. Ukuwaona magazi?"

Magazi panalibe. Chitsulo anayang'ana chipata, anayang'ana galu wake ali chagada, miyendo ili m'mwamba. Anakumbukira bokosi lija la kuseri kwa matayala. Anakhalanso pansi, manja n'kuwalowetsa pansi pa ntchafu mpaka zala kuchita dzanzi.

Bulangete anamusiya, n'kumunyambita pamutu kawiri ngati palibe chachitika.

5. Kulira

Batani anathamangira kwa mbuye wake kuti anyamulidwe. Manja sanawapeze. Anadumpha, anadumphanso. Ataona kuti sizikutheka, anachita chimene ankachidziwa: anagwira mwendo wa Chitsulo pamwamba pa kakolo n'kuyamba kupukusa.

"Lira," anatero Azakhali.

Chitsulo analuma mlomo.

"Ndati lira. Kuwa ngati Foloko, uimirire, umupatse msana."

"Ine sindilira, Azakhali."

"Ndikudziwa. Msewu wonse ukudziwa, tinakuombera m'manja kalekale. Mendulo yakoyo wailipira ndi Mzime lero m'mawa. Ukufuna ailipirenso ndani? Iwe ungathe kupirira, inde. Mwana wa zaka zinayi sangathe, kasitomala wa amayi ako sangathe. Galu sadziwa kuti khungu ili ndi la Chitsulo, ili ndi la khanda. Chimene umulole pa iwe, wamulola pa aliyense. Muuze zoona."

Mano analowa ndithu. Kuseri kwa mpanda mayi wina woyandikana nawo anali ataima ndi zovala m'manja, akuonerera. Chitsulo anamuona. Nkhope inamutentha.

"Mayo!" anakuwa.

Mawuwo anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira, mpaka nkhunda zinauluka padenga. Batani anasiya nthawi yomweyo. Chitsulo anaimirira, anatembenukira kukhoma, manja atapinda pachifuwa.

"Usacheuke," anatero Azakhali. "Werenga mpaka makumi awiri."

Kumbuyo kwake kunali zii. Kenako anamva kanthu kofunda pa kakolo. Batani ankanyambita pamene analuma paja.

Atatembenuka, masaya ake anali atanyowa. Azakhali anayang'ana kumwamba.

"Mvula ya chaka chino ikugwa malo amodzi," anatero, n'kupita kukatunga madzi a agalu.

Pofika foro koloko, Batani anali atagwetsedwa kosawerengeka. Analumanso Supuni kwambiri kamodzi, n'kusiyidwanso yekha. Koma ulendo wina Foloko atagwaditsa miyendo, Batani anapendeketsa mutu, nayenso n'kugwaditsa yake. Anachita mokhota, mwendo umodzi utaterereka pa simenti. Foloko anamvabe. Anathamangitsana mpaka kugwetsa ndowa.

"Waphunzira," anatero Chitsulo. "Ndipite naye, Amayi akaone."

"Waphunzira chilembo chimodzi, ukuti alembe mayeso? Ukapita naye lero, mawa aluma wina. Asiyidwe pano masabata atatu, azigona ndi abale ake, azidya nawo, azigwetsedwa nawo. Iwe uzibwera Loweruka lokha, ndipo akakugwira ndi dzino uzikuwa ngati lero. Galu wamkota sakandira pachabe, ndikudziwa chimene ndikunena. Koma ine kwa amayi ako sindipita. Anakuuza iwe kuti galu akhale pakhomo faifi koloko. Ukapita manja lende, ukayankha wekha."

Chitsulo anapinda chingwe, anachimasula, anachipindanso. Kenako anachipachika pa mpanda.

Potuluka, Batani anafika pachipata akulira. Mtsikanayo anaima. Supuni anatulukira kumbali n'kumugwetsa mbale wake, awiriwo n'kugubuduzika kupita kuseri. Batani sanacheukenso. Chimenecho chinamuwawa Chitsulo kuposa mano, koma nthawi yoti aimirire pamenepo panalibe. Anathamanga, juzi ili m'manja.

6. Unyolo

Anapeza a Makaniko atafika kale, atakhala pa mpando wa makasitomala, ovolosi ili noninoni ndi oilo. Pamiyendo pawo panali unyolo watsopano.

"Nayo mfumukazi ya agalu," anatero. "Msilikali wanga ali kuti?"

Amayi anaimitsa mashini. Anayang'ana manja a mwana wawo, anayang'ana kumbuyo kwake.

"Ndinati chiyani?"

"Munati akhale pano faifi koloko. Ndamusiya kwa Azakhali. Sindinamubise, Amayi, mukhoza kukamutenga. Koma ndilankhule kaye."

Anatambasula mikono yonse iwiri pamwamba pa mashini, pamene panali kuwala. Amayi anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi. Anagwira mkono umodzi n'kuutembenuza monga amatembenuzira nsalu pofuna poipa.

"Izi zayamba liti?"

"Kalekale. Akandiluma ndinkaseka. Ndinamuphunzitsa ndine kuti kuluma sikupweteka. Wolakwa si galu." Anafotokoza za Foloko, za Bulangete, za masabata atatu. Sanakometse chilichonse.

"Sizikuwawa zimenezi?"

"Zikuwawa, Amayi."

Amayi anausiya mkonowo. Mawu amenewo anali asanawamvepo kwa mwana ameneyu.

A Makaniko anaseka. "Mukufuna kuwononga galu wabwino, mayi. Galu wosewera ndi chidole. Akuba azidzamupatsa moni."

"Ndinakulonjezani, bambo, sindikukana," anatero Amayi. "Koma mundipatse masabata atatu." Kenako anatembenukira kwa Chitsulo. "Iwe tamvera, ndipo usadzati sunamve. Alamu anga akhoza kumukonza galu, ntchito yawo ndi imeneyo. Koma kolumidwa n'kuno. Mwana uyu chibwerere kuchipatala sanatuluke pansi pa tebuloli. Galu wa anthu atauwa pamsewu, wadzikodzera. Ine sindingasunge m'nyumba chinthu chimene mwana wanga akuchithawa, ngakhale chitaphunzira mpaka kuvala tayi. Ndipo usaiwale, chibwerere galuyu sunasewerepo ndi mlongo wako ngakhale tsiku limodzi. Amakutsata ndi mpira wake, iwe uli kalikiliki ndi supuni ya mkaka. Ndinkaona, kungoti ndinalibe nthawi yolankhula. Batani adzalowa pakhomo pano tsiku limene Mzime adzamuitane yekha, ndi pakamwa pake, popanda womunyengerera ndi switi. Loweruka lachitatu likadzafika asanamuitane, galu ndi wa a Makaniko, ndipo sindidzamvanso za masabata ena."

A Makaniko anaimirira akudziwongola msana. Anayang'ana khoma, anapeza msomali wopachikapo kalendala pafupi ndi chitseko, n'kupachikapo unyolo wawo.

"Ukhale pompano," anatero. "Kuunyamula kawiri n'kutopa chabe."

Atatuluka, mashini anayambanso kulira. Chitsulo anatola mpira wa Mzime kuseri kwa mpando, pamene unali utakhala masabata ambiri mpaka kuchita fumbi. Anagwada pafupi ndi tebulo la mashini, n'kukweza nsalu imene inkalendewera. Mzime anali atakhala pakati pa zidutswa za nsalu, dzanja la bandeji atalikumbatira pachifuwa.

Chitsulo sanadziwe poyambira. Anaika zigongono pansi, chifuwa pansi, monga anachitira Foloko, n'kugubuduza mpira pang'onopang'ono mpaka unagunda phazi la mwanayo.

Mzime anauyang'ana mpirawo. Sanaugwire.

"Achemwali," anatero chapansipansi, "galu uja wapita?"

"Wapita."

"Asabwerenso."

Anaukankha mpirawo ndi phazi kuti uchoke, n'kutsitsa nsalu ija yekha. Mpira unagubuduzika pabalaza ponse, n'kukaima pafupi ndi chitseko, pansi penipeni pa unyolo.